Mfumu yaikazi tidaigwadira, nanga ahedi aakazi atilakwira chiyani?

Amene mudafikako pa Golomoti mwezi wa Okutobala mukudziwa kuti dzuwa la kumeneko silinyengerera munthu. Zaka zingapo zapitazo ndidatsika Khwekhwelere m'mamawa kuchokera ku Dedza, ndipo ndidakhala pakhonde la golosale ina kudikira galimoto yolowera ku Mtakataka, komwe kudali chinkhoswe cha mwana wa achimwene anga. Pakhondepo ndidapeza abambo atatu ali pabawo, ndipo chapoteropo padali mayi wina atayala malambe pathumba. Nkhani yomwe idali mkamwamkamwa idali ya sukulu ina ya sekondale yoyendera ya m'chigwa chomwecho, yomwe sinditchula dzina, kumene boma lidali litangotumizako mphunzitsi wamkulu watsopano. Mphunzitsi wamkuluyo adali mayi.

"Basi, sukulu ija yapita," adatero mkulu wina wachipewa, dzanja lili pabawo. "Anyamata a Folomu 4 aja, ena a ndevu kale, angamve zonena mzimayi?"

Mnzake adangovomereza ndi mwambi uja timaumva nthawi ya kampeni, woti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo. Wachitatu adafunsa ngati mayiyo ali pabanja, ndipo atamva kuti palibe akudziwa, adaseka kaseko kena kamene inu nonse mukukadziwa tanthauzo lake. Ine maso ndidaponya kwa mayi wa malambe uja, kuyembekeza kuti mwina aikira kumbuyo mzimayi mnzake. Ayi ndithu. Iye adati, "Komanso azimayife tikangokhala pampando timayerekedwa. Bola bambo."

Ndidalephera kuugwira mtima. Ndidati, "Pepani achikulire, kodi mayi mukunenawa mudawaonapo?" Onse adati ayi. "Nanga ahedi achokawo adali otani?" Apa ndiye padabuka phwete. Ati bambo ameneyo ikamakwana 10 koloko amakhala atafika kale pamowa, ati ndalama zomwe makolo adasonkha kuti amangire chimbudzi cha atsikana zidalowa m'madzi, ati chaka chimenecho ana okhoza mayeso a Folomu 4 ukadatha kuwawerenga ndi zala za dzanja limodzi. Zonsezi ankazikamba moseka, ngati akukamba za mwana wopulupudza koma wokondedwa. Palibe ndi mmodzi yemwe adati, taonani, amuna sangayendetse sukulu.

Chomwe chidandizunguza mutu n'chakuti pakhonde tidakhalapo padali m'dera la Inkosi Kachindamoto, ndipo pa nthawiyo mpando umenewo udali m'manja mwa mayi kwa zaka pafupifupi makumi awiri. Abambo omwewa, atakhala ndi mlandu wa malire a munda kapena wa ng'ombe zodya mmera, akadapita ku Mtakataka, kuvula zipewa, kukhala pansi ndi kuwomba m'manja pamaso pa mzimayi. Koma mzimayi woti ayang'anire makalasi anayi ndi aphunzitsi osakwana khumi, ameneyo ndiye ayi, sangathe!

Kwa ana asukulu amene mwina mbiriyi simuidziwa bwino, Theresa Kachindamoto adali chitsirizira m'banja la ana khumi ndi awiri. Adagwira ntchito ya ulembi pa koleji ina ku Zomba kwa zaka 27, kutayipa makalata ndi kusunga mafayilo, kufikira mu 2003 pamene akuluakulu a kwawo adawaitana kuti adzalowe ufumu. Kumbukirani kuti uwu ndi ufumu wa Angoni, anthu a chishango ndi nthungo, amene amanyadira zachamuna kuposa wina aliyense m'chigawo chapakati. Atafika kwawo adapeza tiana ta zaka 12, 13 tili ndi makanda kumbuyo, amuna awo nawonso ana okhaokha. Adasonkhanitsa mafumu a pansi pawo nawasainitsa pangano lothetsa maukwati a ana, ndipo mafumu ena amene adapitiriza kuloleza mchitidwewu adawaimitsa paufumu mpaka atakonza zinthu. Pofika mu 2016 manyuzipepala a kuno ndi akunja omwe ankalemba kuti mayiwa athetsa maukwati a ana oposa 850 m'zaka zitatu zokha, ndipo chiwerengerocho chidapitirira kukwera m'zaka zotsatira. Adaopsezedwa kuti aphedwa, makolo ena adawada poti adawalanda mkamwini wobweretsa sopo ndi shuga, koma sadabwerere m'mbuyo mpaka pamene adatisiya mu Ogasiti 2025.

Tsono munthu wa ku Mua, ku Mtakataka kapena pa Golomoti akamati mzimayi sangalamule amuna, akutsutsana ndi maso ake omwe.

Ambiri akapanikizika pankhaniyi amathawira ku chikhalidwe. Amati makolo athu sankatero. Tiyeni tichione bwino chikhalidwecho. Kwa Achewa mwana ndi wa kuchikazi, munda ndi wa kuchikazi, ndipo mwamuna amachita kupita chikamwini, kukamanga nyumba pamudzi wa eni. Mfumu ikamwalira, amayi aakuluakulu a mbumba ndiwo amakhala pansi kuunguza woti alowe dzina, ndipo amene iwo amukana salowa. Ku Msinja, mvula ikavuta, mafumu amphamvu ankatumiza mithenga kwa Makewana, mayi. Ngakhale ku Mtakataka komweko, pamene ansembe oyamba ankafika pa Mua mu 1902, mpando wa Kachindamoto unkasungidwa ndi mayi wotchedwa Nyathei podikira kuti wolowa ufumu akule. Ndipo ngati tikukamba za maphunziro, sukulu yakale kwambiri m'mudzi wa Achewa ndi chinamwali, ndipo mphunzitsi wamkulu wa sukulu imeneyo kwa atsikana ndi namkungwi. Sindikuti zonse zophunzitsidwa kumeneko n'zabwino, a Kachindamoto omwewo adalimbana nazo zina mwa izo, koma palibe adakayikapo kuti namkungwi angathe kusunga mwambo pa tsimba.

Komabe tisanamizane, chikhalidwe chomwecho chili ndi mbali inanso. Amayi amasankha mfumu, inde, koma kawirikawiri wokhala pampando ndi mlongo wawo kapena mwana wawo wamwamuna. Pabwalo woyankhula ndi malume, mwini mbumba, pamene amayi akhala chakumbali miyendo ili tambe, kudikira kululutira. Mayi ali ndi mphamvu, koma mphamvu yake tidaizolowera ili kuseri, kukhitchini, kumphasa. Chizolowezi chimenechi ndicho tidachinyamula osachisasa n'komwe n'kukachitula kusukulu. Lowani m'chipinda cha aphunzitsi pa sekondale iliyonse yosakaniza anyamata ndi atsikana, muone mmene ntchito amagawanirana. Woyang'anira atsikana, mayi. Woyang'anira zaukhondo, mayi. Wosunga ndalama za chisoni ndi zikondwerero, mayi, poti ati amayi saba. Kukabwera alendo ochokera ku unduna, amene atuluke mumsonkhano kukaona ngati nkhuku yapsa ndi mayi yemweyo, ngakhale akhale ndi digiri kuposa onse m'chipindamo. Koma mpando wa mwambo, mpando wa mayeso, mpando wa sayansi, imene ili mipando yomwe munthu amakwererapo popita ku uhedi, imeneyo imagwera abambo. Tsiku la intavyu likafika, bambo ali ndi zoti anene kuti ndidayendetsapo chakuti, pamene mayi zaka khumi zonse adathera kuwerenga mapoto ndi matsache.

Chodabwitsa china nachi. Makolo omwewa amene amakayikira ahedi aakazi, mwana wawo wamkazi akasankhidwa kupita ku Likuni Girls, ku Ludzi, ku Stella Maris, ku Providence, ku St Mary's kapena ku Marymount, amagulitsa mbuzi ngakhale njinga kuti mwanayo asaphonye malo. Masukulu amenewa akhala m'manja mwa masisitere ndi amayi kwa zaka zambirimbiri, ndipo mbiri yawo ya mwambo ndi kukhoza mayeso aliyense akuidziwa. Kumeneko ng'ombe yaikazi ikukoka ngolo bwinobwino, wodandaula palibe. Ndiye kuti vuto si lakuti mayi sadziwa kuyendetsa sukulu ayi. Vuto limayamba pamene pansi pa mayiyo pali amuna: mphunzitsi wamwamuna woti akapemphe chilolezo kwa iye asanapite kuboma kukatenga malipiro, mlonda woti adzudzulidwe akagona, tcheyamani wa komiti ya makolo woti auzidwe kuti ndalama sizituluka popanda lisiti. Pamenepo ndiye pagona nkhani.

Aja amati anyamata a ndevu sangamve mzimayi, m'mutu mwawo muli chikwapu. Akuganiza za ahedi a m'nthawi yathu, oyenda ndi kamtengo kumbuyo, amene akangotsokomola sukulu yonse ili zii. Koma unduna udaletsa kukwapula ana, ndipo ngakhale m'masiku a chikwapuwo, si minofu imene inkasunga sukulu. Ntchito ya mphunzitsi wamkulu ndi yotani kodi? Kuona kuti aphunzitsi alowa m'kalasi pa nthawi yake ndipo akuphunzitsadi, osati kungolembetsa manotsi iwo ali pansi pa mtengo. Kulembetsa ana mayeso ku MANEB mayina osalakwika. Kusunga mabuku ochepa omwe alipo kuti asathere pamsika. Kukambirana ndi mafumu pamene wina walima kulowa m'bwalo la mpira. Kulemba malipoti opita ku ofesi ya maphunziro ku Lilongwe. Kukhala pansi ndi kholo lomwe labwera litakwiya. Pa zonsezi, ndi iti imene imafuna ndevu? Ndipo masukulu aja timamva pawailesi kuti ana aswa mawindo, atentha ofesi kaamba ka nyemba zofumbwa kapena kuletsedwa disiko, kodi onsewo amakhala a ahedi aakazi?

Tsopano tibwere ku funso lomwe anzanga ena amafunsa mochenjera. Amati, chabwino, ifetu sitikuletsa, koma amayiwo ali kuti? Akaitana intavyu sabwera, ukawapatsa sukulu ya kumudzi amakana. Mawuwa ali ndi choonadi pang'ono, ndipo ndi pamene tiyenera kukhalitsapo.

Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi lidayambitsa maphunziro aulere a pulayimale, ndipo m'chaka chimodzi ana adachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Khamu limeneli lidayenera kupeza kolowera likamaliza Sitandade 8, choncho mu 1998 masukulu aja a MCDE adasandutsidwa masekondale oyendera, ma CDSS tikuwadziwa lerowa. Ambiri mwa iwo adayamba ndi midadada iwiri, aphunzitsi obwerekedwa ku pulayimale, opanda laibulale, opanda chipinda cha sayansi, ndipo chachikulu pankhani yathuyi, opanda nyumba zokwanira za aphunzitsi. Kumtunda kuli bwinoko. Koma tsikirani kuchigwa kuno, komwe kutentha kwake munthu umagona pakhonde, udzudzu uli ng'waa, ndipo dzinja likafika mitsinje yochokera m'mapiri a Dedza imasefukira n'kudula njira. Sukulu ili makilomita angapo kuchokera pa tala wa M5, nyumba yobwereka ili pa tauni yapafupi, kuseri kwa malo omwera mowa.

Bambo akalandira kalata yoti wakwezedwa ndipo apite kusukulu yotere, amangofika kunyumba n'kunena kuti, mayi, longedzani. Lole imabwera, katundu pamwamba, mkazi ndi ana pambuyo, nkhuku m'dengu. Palibe amamufunsa ngati akazi ake avomera. Mayi akalandira kalata yomweyo, imakhala ngati walandira samani. Bambo a kunyumba ali pantchito ku Lilongwe kapena ali ndi shopu ku Dedza, kodi asiya zimenezo kuti atsate mkazi ku Mtakataka? Achibale a mwamuna ati chiyani? Akapita yekha, ana asiyira yani, ndipo akamadzabwera pakutha pa mwezi adzapeza nyumba ili ndi mwini wina kapena ayi? Kwa zaka zambiri aphunzitsi aakazi akhala akupempha kusamutsidwa potsata amuna awo, n'chifukwa chake masukulu a m'tauni adadzaza ndi amayi pamene a kumudzi ali ndi mmodzi, awiri, ena alibiretu. Kutsata mwamuna tidakuona ngati chinthu chachibadwa. Kutsata mkazi timakutcha kudyetsedwa khuzumule.

Ndili ndi achemwali anga, mwana wa amayi aang'ono, amene adaphunzitsa masamu kwa zaka zambiri pasukulu ina yoyendera. Adapita ku Domasi kukatenga dipuloma mwana wawo wachiwiri ali ndi zaka ziwiri, kumusiya ndi agogo ake, ndipo mpaka lero apongozi awo amaikumbutsabe nkhaniyo pamaliro ndi paukwati pomwe. Atabwerako adakhala wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu. Ahediwo atadwala, achemwali adagwirizira mpando kwa materemu awiri athunthu, ndipo ndi nthawi imeneyo pamene sukuluyo idayamba kuphunzitsa Loweruka ndi kubweza mabuku omwe adali m'nyumba za anthu. Kenaka kudabwera mwayi woti akakhale mphunzitsi wamkulu pasukulu ina ya kunyanja. Usiku umenewo alamu anga adangonena mawu amodzi: "Musankhe, uhedi kapena banja." Achemwali adasankha banja. Lero akamadutsa akuluakulu a maphunziro amati mayi uja tidamupatsa mwayi koma adakana yekha. Zoona, adakana yekha, monga mmene munthu amaperekera yekha chikwama kwa wachifwamba.

Ndipo tisaiwale kuti mtsinje umenewu umaphwera kumtunda. Kuti mayi adzakhale mphunzitsi wamkulu pa sekondale, ayenera kuti adamaliza Folomu 4, adakhoza bwino, adapita ku Domasi, ku Nalikule, ku Chancellor kapena ku Mzuzu, adaphunzitsa zaka zingapo, kenaka n'kukapambana intavyu ku Teaching Service Commission. Pa sitepe iliyonse atsikana amatsalira ambiri kuposa anyamata: wina mimba, wina ukwati, wina fizi yasowa ndipo makolo asankha kulipirira mlongo wake, wina watumidwa kunyanja kukapikula usipa kuti pakhomo padyedwe. Tikamafika pamwamba n'kupeza amayi ochepa, tisamadabwe ngati kuti adachita kusowa okha.

Nanga uja walimba mtima, wavomera, wafika pasukulupo? Ameneyo ndiye amayezedwa ndi muyeso wakewake. Bambo akakhala wolimba pamwambo timati ahedi awa ndi achamuna, sukulu yaongoka. Mayi akachita chimodzimodzi timati ndi wankhanza, ngosagwirika, mwina kunyumba kwake kulibe mtendere. Bambo akakhala wofatsa ndi munthu wabwino, womvetsa zinthu. Mayi akafatsa, mwaona, tinkanena ife, akumukwera pamutu. Akakhala wosakwatiwa, makolo ati aphunzitsa chiyani ana athu mbeta imeneyi, ndipo akazi a aphunzitsi amayamba kuwerenga mphindi zimene amuna awo akhala mu ofesi. Akakhala wokwatiwa, ati sukulu ikuyendetsedwa ndi mwamuna wake kuchokera kuchipinda. Ndipo pamwamba pa zonse pali bodza lija losatha, loti mpandowo sadaupeze ndi mapepala, adachita kugona nawo mabwana. Inu atsikana a ku koleji mukulidziwa bodza limeneli, poti ndi lomwe lija amakunenerani mukakhoza bwino phunziro lovuta. Chomvetsa chisoni n'chakuti nthawi zambiri oyambitsa ndi kufalitsa manong'onong'o amenewa ndi amayi anzake a m'chipinda cha aphunzitsi momwemo, monga mayi wa malambe uja.

Muyeso wopotokawu sutsalira kusukulu kokha. Mayi Joyce Banda adalamula dziko lino kuchokera mu Epulo 2012, a Bingu wa Mutharika atamwalira, mpaka pamene adagonja pachisankho cha mu Meyi 2014. Atagonja, m'maminibasi monse mudali mawu amodzi: mwaona, mzimayi sangathe, tisadzayesenso. Komatu a Kamuzu Banda adagonja mu 1994, a Peter Mutharika adagonja mu 2020, a Lazarus Chakwera adagonja mu 2025. Ndani adaimirira mu minibasi kunena kuti amuna tawayesa katatu konse, basi tisadzayesenso? Bambo akalephera walephera yekha, ndi dzina lake. Mayi akalephera amalepherera amayi onse a m'Malawi, obadwa ndi osabadwa omwe. Katundu wotereyu ndi amene mphunzitsi wamkulu wamkazi amasenza m'mawa uliwonse poimirira pa asembule.

Anzanga a geni, inu a mu msika wa Lilongwe, a ku Limbe, a pa Dedza, nkhaniyi ikukukhudzani kuposa mmene mukuganizira. Ndani amadzuka 3 koloko m'bandakucha kukakwera lole ya ku nyanja, kukangana mtengo ndi asodzi, kuwerenga ndalama zamtolo osaphonya ndi tambala yomwe? Ndani amapikula mpunga wa ku Bwanje n'kudzaugulitsa pa kapu mpaka ana anayi onse atamaliza sukulu? Ndani amasunga bokosi la banki m'khonde? Mumawakhulupirira amayi ndi mpamba wanu wonse, koma pofika posankha tcheyamani wa msika kapena wa komiti ya sukulu, dzanja limakwera lokha kwa bambo, mayi n'kumuponyera usungichuma. Ndipo ena mwa ife tili ndi ngongole yakale kwa amayi. Lamulo la 1973 loletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi lidachotsedwa mphepo ya matipate itawomba, koma mu Januwale 2012 mavenda ena mu Lilongwe ndi m'matauni ena adavula amayi pamsewu dzuwa likuswa mtengo chifukwa cha thalauzi. Mtima womwe udavula amayi aja ndi womwewo umene umafunsa kuti ahedi avala chiyani lero m'malo mofunsa kuti ana aphunzira chiyani lero.

Wina afunsa kuti, nanga zili ndi kanthu kuti pampandopo pali bambo kapena mayi, bola ana akuphunzira? Kwa mwana wamwamuna mwina kusiyana n'kochepa, ngakhale ndikhulupirira kuti mnyamata amene wakula akuimirira mayi akamalowa m'kalasi sadzavutika kulemekeza mkazi wake kapena bwana wake wamkazi. Koma kwa mtsikana nkhani ndi ina. Kuyambira mu 1993 ndondomeko ya boma imalola mtsikana amene adachoka ndi mimba kubwereranso kusukulu akabereka, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko adasinthidwa kuti munthu wosakwana zaka 18 ndi mwana, sangalowe m'banja. Zonsezi zili papepala. Amene amaziika m'thupi ndi munthu wokhala mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu. Atsikana aja a Kachindamoto adawachotsa m'maukwati, akafika pageti la sukulu mkaka ukudontha pa yunifolomu, amawalandira ndani? Anzawo akayamba kuwaitana kuti amake mwana, amaletsa ndani? Mphunzitsi wamwamuna akamuuza mtsikana wa Folomu 2 kuti ubwere kunyumba madzulo udzatenge buku, mwanayo akanene kwa yani, ngati ahedi ndi mphunzitsiyo amamwera limodzi? Nanga akakhala kumwezi, pasukulu popanda chimbudzi chotseka ndi madzi, ndani angaone kuti kujomba kwake kwa masiku atatu mwezi uliwonse si ulesi? Amayi a m'magulu aja oyang'anira atsikana m'midzi amayesetsa, koma mphamvu yosainira ndalama ndi kulemba lipoti alibe. Pali abambo ambiri amene amazigwira bwino nkhani zimenezi, ndikuwadziwa ndipo ndimawalemekeza. Koma mtsikana wa kwa Kachindamoto amene sadaonepo mayi wa m'dera lake atakhala kuseri kwa tebulo lija, adzalota bwanji zokhalapo iye?

Sindikunena kuti mayi aliyense ndi mngelo. Ine ndemwe ndidaphunzirapo pansi pa ahedi ena aakazi amene ankachititsa manyazi atsikana oyembekezera pamaso pa sukulu yonse, mwankhanza kuposa bambo aliyense amene ndidamuona. Alipo amayi okonda ndalama, alipo aulesi, alipo okondera. Woteroyo achotsedwe, monga ayenera kuchotsedwera bambo woledzera uja. Koma achotsedwe chifukwa cha zimene wachita, zolembedwa, zooneka, osati chifukwa cha zomwe adagamula anthu a pabawo asanamuone n'komwe nkhope.

Malamulo tili nawo okwanira. Lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limati polemba ndi kukweza anthu m'boma, mbali imodzi isapitirire 60 pa 100 aliwonse ndipo ina isachepere 40. Pamwamba zinthu zidasunthako: mayi Anastasia Msosa adakhala mkulu wa makhothi mu 2013, mayi Catherine Gotani Hara adakhala sipikala wa Nyumba ya Malamulo mu 2019, ndipo unduna wa maphunziro womwewo udakhalapo m'manja mwa mayi Agnes NyaLonje kuyambira mu 2020, kenaka mayi Madalitso Kambauwa Wirima. Koma lamulo lolembedwa ku Capital Hill silimanga nyumba ya mphunzitsi ku Mua, silikumba mjigo, ndipo silikhala nawo pamsonkhano wa makolo pamene tcheyamani akuyankhula ndi wachiwiri wamwamuna ngati kuti ahedi palibe. Ngati unduna ukufunadi amayi m'masukulu a kuchigwa, uyambe ndi nyumba yokhala ndi chitseko chokhoma pasukulu pomwepo, ndipo posamutsa anthu uziganizirako zoti mwamuna wogwira ntchito m'boma angathenso kutsata mkazi wake. Makolo nawo ali ndi mbali yawo, poti njerwa za nyumba za aphunzitsi m'masukulu oyendera amaumba ndi iwowo.

Galimoto idabwera cha m'ma 2 koloko, kapikapu kodzaza matumba a makala ndi anthu pamwamba. Kuchinkhoswe kuja, nsima itadyedwa, ndidapezana ndi kamdzukulu ka alamu anga, kamtsikana ka Folomu 3, ndipo pocheza ndidazindikira kuti kamaphunzira pasukulu yomwe ija. Ndidakafunsa za ahedi atsopanowo. Kadayamba kayang'ana uku ndi uku, kenaka kadati, "Agogo, mayi aja ngovuta. Ikamakwana 7 koloko amakhala ali kale pageti ndi kope, kulemba ochedwa." Ndidati, si bwino nanga, kuti ana muzifulumira? Kadaseka. "Ayi agogo, salemba ife. Amalemba aphunzitsi."

Kadandiuzanso kuti mayiwo ankakhala nyumba ya lendi kutali ndi sukulu, ankabwera pa kabaza m'mawa uliwonse ndi ndalama ya m'thumba mwawo, ndipo Loweruka lotsatira kudali msonkhano wa makolo wokambirana zoumba njerwa za nyumba yawo. Ati akomiti ena ankanena kuti kaya, tiyambe taona kaye ngati akhalitse.